KUGWA KWA MABANKI KU AMERICA, 1929–1933

Ambiri a ife tikamva mawu akuti "banki" timaganiza za nyumba ya makoma ochindikala ndi zitseko zachitsulo, mmene ndalama za anthu zimagona tulo kudikira eni ake. Timayesa kuti munthu akasungitsa ndalama zake kumeneko, ndalamazo zimangokhala phee monga chimanga m'nkhokwe, ndipo kuti tsiku lililonse limene wafuna angathe kupita nakazitapa. Maganizo amenewa ndi oona mbali imodzi yokha. Pakati pa chaka cha 1930 ndi cha 1933 mabanki pafupifupi 9,000 anatsekedwa m'dziko la America, ndipo anthu miyandamiyanda amene anasungitsako thukuta lawo anapeza zitseko zokhomedwa. Tsoka limenelo silinathere komweko ai. Linaoloka nyanja kufika ku Ulaya, ndipo potsiriza linagogoda ngakhale pa makomo a makolo athu, ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia ndi m'minda ya fodya ya mu Nyasaland.

Nkhani iyi ndaikonza makamaka chifukwa cha anzanga amene tikuphunzira nawo mbiri yakale ndi zamalonda, koma ndikhulupirira kuti aliyense amene adzalandira malipiro tsiku lina, nadzawapereka m'manja mwa banki, ayenera kuidziwa. Tiona mmene banki imagwirira ntchito, zimene zinagwetsa mabanki m'zaka zimenezo, zimene zinatsatira, ndi mankhwala amene anapezeka.

MMENE BANKI IMAGWIRIRA NTCHITO

Tisanafunse chimene chimagwetsa banki, tiyambe tafunsa chimene chimaiimika. Tiyerekeze kuti m'mudzi wina muli anthu 100, ndipo aliyense wasungitsa madola 100 ku banki ya m'mudzimo. Ndalama zonse pamodzi zakwana madola 10,000. Mwini banki adziwa kuti anthu onsewa sangabwere tsiku limodzi kudzatapa ndalama zawo; lero abwera awiri kapena atatu, mawa ena, ndipo pamene ena akutapa, ena akusungitsa. Chifukwa chake iye amasunga m'bokosi madola 1,000 okha, ndipo madola 9,000 otsalawo amawakongoza kwa mlimi wofuna kugula ng'ombe, kwa mwini sitolo wofuna katundu, ndi kwa mmisiri wofuna kumanga nyumba. Anthu amenewa amabweza ngongole zawo ndi chiwongoladzanja, ndipo ndi mmenemo banki imapezera phindu lake.

Palibe chinyengo m'zimenezi. Ndi njira yabwino ndithu, pakuti ndalama zimene zikanangogona pansi pa mphasa zimapita kukalima minda ndi kumanga nyumba. Koma taonani pamene pali chilema chake. Banki inalonjeza osungitsa kuti idzawabwezera ndalama zawo nthawi iliyonse akafuna, pamene mlimi uja inamulola kubweza atakolola, ndi mmisiri uja patapita zaka 5. Tsono tsiku lina mphekesera ikamveka yakuti banki yataya ndalama, anthu 100 aja onse amalawirira kumeneko. Oyamba 10 pamzere amalandira zawo zonse. Wotsatira wawo amapeza bokosi lopanda kanthu. Mwini banki sangalipire anthu ndi ng'ombe ya mlimi kapena ndi khoma la nyumba. Akayesa kugulitsa msanga zikole zimene ali nazo, amazigulitsa motchipa monga achitira munthu wogulitsa mbuzi m'chaka cha njala. Ndipo banki imene inali yamoyo dzulo imafa lero.

Apa pali mfundo imene tiyenera kuigwiritsa. Munthu wothamangira ku banki sali wopusa. Ngakhale iye mwini akhulupirire kuti mphekeserayo ndi yabodza, akaona anzake akuthamanga ayenera kuthamanga nayenso, pakuti wotsalira m'mbuyo ndiye adzataya zake. Motero chimene chili chanzeru kwa munthu mmodzi chimasanduka chiwonongeko cha onse, ndipo mphekesera imene inali yabodza m'mawa imakhala yoona madzulo. Banki imaimira pa chikhulupiriro cha anthu koposa pa ndalama za m'bokosi.

ZAKA ZA CHIKONDWERERO

Itatha Nkhondo Yaikulu yoyamba ya 1914–1918, dziko la America linalemera koposa maiko onse. Mafakitale ake anatulutsa magalimoto, mawayilesi ndi zipangizo zamagetsi zochuluka, ndipo anthu ambiri anazigula pangongole, namalipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Makampani anapeza phindu, ndipo mtengo wa masheya awo unakwera. Sheya ndi kachigawo ka umwini wa kampani. Woigula amalandirako gawo la phindu, ndipo angathe kuigulitsanso kwa wina pa msika wa masheya. Msika waukulu wotere uli mumzinda wa New York, pa msewu wotchedwa Wall Street.

Poyamba anthu ankagula masheya chifukwa cha phindu la makampani. Koma pofika 1928 ndi 1929 ambiri ankagula chifukwa chokha chakuti mtengo unali kukwera, poyembekeza kuti mawa adzapezeka wina wowagula pa mtengo woposa. Choipitsitsa chinali chakuti ankagula ndi ndalama zokongola. Munthu ankatha kugula sheya ya madola 100 atapereka madola 10 okha a m'thumba mwake. Madola 90 ankakongola, ndipo sheya yomweyo inali chikole. Tiyeni tichite masamu. Mtengo ukakwera kufika madola 120, munthuyo akagulitsa ndi kubweza madola 90 amatsala ndi madola 30, ndiko kuti madola ake 10 abereka ena 20. Koma mtengo ukatsika kufika madola 85, ake 10 aja apita onse, ndipo akadali ndi ngongole ya madola 5. Ngongole imakulitsa phindu, komanso imakulitsa chitayiko ndi muyeso womwewo.

Pansi pa chikondwerero chimenechi panali zilonda zobisika. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Alimi a ku America anali atakongola ndalama zambiri m'nthawi ya nkhondo kuti akulitse minda yawo, pamene mtengo wa tirigu unali pamwamba. Nkhondo itatha mitengo inagwa, koma ngongole zinatsala. Ndiponso dzikolo linali ndi mabanki pafupifupi 25,000, ambiri a iwo aang'ono, a nyumba imodzi m'tauni imodzi, pakuti malamulo a zigawo zambiri ankaletsa banki kutsegula nthambi. Banki yotere inkadalira mbewu ya dera limodzi. Chilala chikagwa kapena mtengo wa thonje ukatsika, okongola ake onse ankalephera pamodzi. Mabanki oposa 5,000 anali atagwa kale pakati pa 1921 ndi 1929, koma popeza ambiri anali a kumidzi, anthu a m'mizinda sanasamale.

KUGWA KWA MSIKA WA MASHEYA

Pa 3 Seputembala 1929 muyeso wa mitengo ya masheya wotchedwa Dow Jones unafika pa 381, ndipo pamenepo ndiye panali pansonga. M'masabata otsatira mitengo inayamba kugwedera. Lachinayi pa 24 Okutobala anthu anagwidwa ndi mantha, nagulitsa masheya pafupifupi 13 miliyoni tsiku limodzi. Eni mabanki aakulu a mu New York anasonkha ndalama nagula masheya kuti alimbitse anthu mtima, ndipo kwa masiku awiri zinaoneka ngati zatheka. Koma Lolemba mitengo inagwanso, ndipo Lachiwiri pa 29 Okutobala masheya oposa 16 miliyoni anagulitsidwa. Aja anagula pangongole anauzidwa kuti awonjezere chikole. Posowa ndalama, masheya awo anagulitsidwa mokakamiza, ndipo kugulitsa kumeneko kunatsitsanso mitengo ndi kukankhira ena m'dzenje lomwelo. Pofika pa 8 Julayi 1932 muyeso uja unali pa 41. Ndiko kunena kuti masheya amene anali a madola 100 anatsala a madola 11 okha.

Ena amalankhula ngati kuti kugwa kwa msika ndiko kunali vuto lonse. Si choncho. Anthu okhala ndi masheya anali ochepa poyerekeza ndi mtundu wonse. Zoona, mantha analowa m'nyumba zambiri: wofuna kugula galimoto anayamba wadikira, mafakitale anachepetsa antchito, ndipo ochotsedwa ntchito analeka kugula ndi kubweza ngongole. Koma chimene chinasandutsa chaka chimodzi chovuta kukhala zaka za tsoka ndicho chimene chinagwera mabanki.

MANTHA ALOWA M'MABANKI

M'mwezi wa Novembala 1930 kampani yaikulu ya zachuma yotchedwa Caldwell and Company, ya mumzinda wa Nashville, inagwa, ndipo inakokera pansi mabanki ambiri a m'zigawo za kummwera amene anali omangika kwa iyo. Mwezi wotsatira, pa 11 Disembala, Bank of United States ya mu New York inatseka zitseko zake. Inali ndi osungitsa oposa 400,000, ambiri a iwo anthu obwera kuchokera ku maiko ena, osoka zovala ndi eni timasitolo, ndipo inali kusunga madola pafupifupi 200 miliyoni. Inali banki wamba ya anthu amalonda, koma chifukwa cha dzina lake ambiri anayesa kuti banki ya boma ndiyo yagwa.

Kuyambira pamenepo mantha anayenda monga moto m'tchire louma la m'chilimwe. Mabanki oposa 1,300 anagwa mu 1930, oposa 2,200 mu 1931, ndi oposa 1,400 mu 1932. Anthu anatapa ndalama zawo nazibisa m'zitini ndi m'matiresi. Mabanki otsala, poopa kuti mawa mzere udzakhala pakhomo pawo, analeka kukongoza, naitanitsa ngongole zakale, nagulitsa zikole. Aliyense anali kudzipulumutsa yekha, ndipo podzipulumutsa anali kumiza mnzake.

Ndalama zoyenda m'dzikomo zinachepa ndi gawo limodzi mwa magawo 3 pakati pa 1929 ndi 1933, ndipo mitengo ya zinthu inatsika. Wina angayese kuti kutsika kwa mitengo ndi dalitso. Koma talingalirani mlimi wa thonje wokhala ndi ngongole ya madola 100. Mu 1929, pamene thonje linali pafupifupi masenti 17 pa paundi imodzi ya pa sikelo, anafunika kugulitsa mapaundi ngati 590 kuti abweze. Mu 1931, thonje litatsika kufika pafupifupi masenti 6, anafunika mapaundi oposa 1,600. Pa pepala ngongole ndi yomweyo, koma pa msana pa mlimi yalemera pafupifupi katatu. Iye akalephera, banki imalanda munda. Koma mundawo nawonso watsika mtengo ndipo palibe wougula. Motero mlimi ndi banki amagwera limodzi.

MOTO UOLOKA NYANJA

Maiko a ku Ulaya anali omangidwa kwa America ndi chingwe cha ngongole. Dziko la Germany linalamulidwa kulipira chindapusa cha nkhondo kwa Britain, France ndi anzawo. Kuti lilipire, linkakongola ku America. Ndipo Britain ndi France nawonso ankabweza ngongole zawo za nkhondo ku America komweko. Ndalama zinali kuzungulira motero. Pamene America inaleka kukongoza, chingwe chinaduka.

Mu Meyi 1931 Creditanstalt, banki yaikulu koposa ya ku Austria, inaulula kuti yataya chuma chake. Mantha analowa mu Germany, kumene Danatbank inatsekedwa pa 13 Julayi, ndipo boma linatseka mabanki onse kwa masiku awiri. Kenaka anthu anayamba kukayikira paundi ya Britain. M'masiku amenewo ndalama za maiko ambiri zinali zomangidwa ku golide: boma linkalonjeza kusinthanitsa ndalama yake ndi golide pa mtengo wosasintha. Anthu akunja anathamangira ku London kukasintha mapaundi awo ndi golide, kufikira Britain inalephera kupirira, ndipo inaleka lonjezolo pa 21 Seputembala 1931. Tsono anatembenukira ku dola. Kuti golide asatuluke m'dziko, Federal Reserve, imene ili banki yaikulu ya dziko la America, inakweza chiwongoladzanja chake mu Okutobala 1931 kuchoka pa 1.5 kufika pa 3.5 pa 100 iliyonse. Golide anapulumuka, koma mabanki ndi amalonda, amene anali kale kupuma mobanika, anakanyangidwa pakhosi.

ZOYAMBITSA ZAKE MWACHIDULE

Okonzekera mayeso angathe kusunga mitu 5 iyi.

Choyamba, ngongole zochuluka zogulira zinthu zimene mtengo wake unakwera kopitirira phindu lake lenileni.

Chachiwiri, kufooka kwa mabanki aang'ono odalira dera limodzi. Umboni wake uli ku Canada, dziko loyandikana ndi America, limene linavutikanso kwambiri ndi kugwa kwa malonda, koma linali ndi mabanki aakulu owerengeka okha okhala ndi nthambi m'dziko lonse. Kumeneko sikunagwe banki ngakhale imodzi m'zaka zimenezo.

Chachitatu, panalibe lamulo la dziko lonse loteteza wosungitsa. Banki ikagwa, munthu ankadikira miyezi kapena zaka kuti alandireko gawo la ndalama zake. Chifukwa chake mphekesera iliyonse inali yokwanira kumthamangitsa.

Chachinayi, kuzengereza kwa banki yaikulu. Kale mu 1873 Mngelezi wina, Walter Bagehot, anaphunzitsa kuti pa nthawi ya mantha banki yaikulu iyenera kukongoza mosaumira kwa aliyense wokhala ndi chikole chabwino, kuti anthu poona ndalama zikuperekedwa mitima yawo ikhale pansi. Federal Reserve inakhazikitsidwa mu 1913 chifukwa cha ntchito yomweyi, koma ambiri a atsogoleri ake anaganiza kuti mabanki ogwawo anali odwala kale, ndipo kuti kunali bwino kuwaleka afe. Mu 1963 akatswiri awiri a zachuma, Milton Friedman ndi Anna Schwartz, anasonyeza kuti kulekerera kumeneku ndiko kunakulitsa tsokalo.

Chachisanu, maiko analephera kuthandizana. Lonjezo la golide linamanga manja a maboma, ndipo mu Juni 1930 America inakhazikitsa lamulo la Smoot-Hawley lokweza msonkho wa katundu wolowa m'dzikomo. Maiko ena anabwezera chimodzimodzi, ndipo pofika 1933 malonda a pakati pa maiko, powerengera mtengo wake, anatsala ngati gawo limodzi mwa magawo 3 a mmene analili mu 1929.

ZOTSATIRA ZAKE

Chotsatira choyamba chinali ulova. Mu 1933 munthu mmodzi mwa anthu 4 alionse ofuna ntchito ku America anali lova, onse pamodzi pafupifupi 13 miliyoni. Amuna amene kale anali akalaliki ndi amisiri anaima m'mizere yaitali kudikira mbale ya msuzi ndi chibenthu cha buledi. Olandidwa nyumba anamanga zisakasa za malata ndi makatoni m'mphepete mwa mizinda, ndipo midzi yotere anaitcha "Hooverville" ponyoza Pulezidenti Herbert Hoover. Ngakhale sukulu sizinapulumuke: zambiri za kumidzi zinatsekedwa kapena kufupikitsa chaka, ndipo aphunzitsi a mumzinda wa Chicago anaphunzitsa miyezi yambiri osalandira malipiro. Chomvetsa chisoni n'chakuti njala ya m'mizinda sinali ya kusowa kwa chakudya. Nkhokwe za tirigu zinali zodzaza, makina anali chiimire m'mafakitale, manja ogwira ntchito analipo. Chimene chinasowa ndi ndalama ndi kukhulupirirana kumene kumalumikiza zinthu zimenezi.

Chachiwiri, banki ikafa si ndalama zokha zimene zimatayika. Mwini banki ya m'tauni amadziwa mlimi wobweza ngongole ndi wosabweza, wamalonda wosamala ndi womwaza. Banki ikatsekedwa chidziwitso chimenecho chimakwiriridwa nayo, ndipo munthu wokhulupirika amasanduka mlendo kwa banki ina imene sim'dziwa. Chifukwa chake malonda amachedwa kudzuka. Ben Bernanke analongosola mfundo imeneyi mu 1983, ndipo mu 2022 analandira Mphotho ya Nobel ya zachuma pamodzi ndi Douglas Diamond ndi Philip Dybvig, amene anafotokoza chifukwa chake anthu amathamangira ku banki.

Chachitatu ndi choopsa koposa chinali cha ndale. Munthu wanjala amamvera aliyense womlonjeza chakudya ndi womlozera mdani. Ku Germany, kumene malova anakwana 6 miliyoni mu 1932, chipani cha Nazi chimene chinali ndi mipando 12 yokha m'Nyumba ya Malamulo mu 1928 chinapeza mipando 107 mu 1930 ndi 230 mu Julayi 1932. Pa 30 Januwale 1933 Adolf Hitler anapatsidwa utsogoleri wa boma, ndipo mu 1939 dziko lapansi linalowanso m'nkhondo. Panali zifukwa zinanso zimene zinamkweza munthu ameneyu, koma umphawi ndiwo unamlambulira njira.

KWATHU KUNO

Makolo athu sanagule masheya pa Wall Street, ndipo ambiri a iwo sanalowepo m'banki, komabe analipira nawo ngongoleyo. Mafakitale a ku America ndi ku Ulaya atachepetsa kugula, mtengo wa mkuwa unatsika kuchoka pa masenti 18 pa paundi mu 1929 kufika pafupifupi masenti 5 mu 1932. Migodi yaikulu ya ku Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, inali itangoyamba kukumbidwa, ndipo inali itakopa amuna ochokera kutali, ena a iwo a ku Nyasaland. Mu 1931 migodi ya Bwana Mkubwa, Nchanga ndi Mufulira inaimitsa ntchito. Inatsala ya Roan Antelope ku Luanshya ndi ya Nkana. Antchito akuda, amene anali oposa 30,000 mu 1930, anatsala osakwana 7,000 pakutha pa 1932. Ambiri a ochotsedwawo anabwerera kumudzi chimanjamanja, kwa abale amene ankayembekeza nsalu ndi ndalama za msonkho.

Mu Nyasaland, imene lero ndi Malawi, mitengo ya fodya ndi thonje inali pansi, Azungu ambiri a minda ya fodya anasiya ulimi, ndipo ntchito za m'mindamo zinasowa. Koma msonkho wa masheleni 6 pa chaka sunatsike, ndipo unalemera pa mlimi wathu monga ngongole ija inalemerera mlimi wa thonje wa ku America. South Africa itasiya lonjezo la golide mu Disembala 1932, mtengo wa golide unakwera, ndipo migodi ya ku Johannesburg inafuna antchito ochuluka. Amuna ambiri anauyamba ulendo wa kummwera. Kuchoka kwa amuna kunayamba kale, koma zaka zimenezi zinakukulitsa. Komiti imene boma linakhazikitsa mu 1935 inapeza kuti a ku Nyasaland pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko. Ena sanabwerere konse, ndipo ndiwo amene midzi yathu imawatcha machona.

MANKHWALA AMENE ANAPEZEKA

Kumayambiriro kwa 1933 mantha anafika pachimake. Pa 14 Febuluwale bwanamkubwa wa chigawo cha Michigan anatseka mabanki onse a m'chigawo chake, ndipo zigawo zina zinatsatira. Pa 4 Malichi, tsiku limene Franklin Roosevelt analumbira kukhala Pulezidenti, mabanki a m'zigawo zambiri anali otseka kapena anali kupereka ndalama mopimira. Pa 6 Malichi iye anatseka mabanki onse m'dziko lonse, ndipo pa 9 Malichi Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lopatsa boma mphamvu yoyesa mabuku a banki iliyonse ndi kupereka ndalama kwa zimene zinapezeka zamoyo. Lamulungu madzulo pa 12 Malichi Roosevelt analankhula pa wayilesi, nalongosolera anthu m'mawu osavuta mmene banki imagwirira ntchito, nawatsimikizira kuti banki yotsegulidwanso idzasunga ndalama zawo bwino koposa matiresi. Pa 13 Malichi mabanki oyesedwa anayamba kutsegulidwa. Mizere inaonekanso pakhomo, koma tsopano inali ya anthu odzabweza ndalama zimene anabisa.

Mu Juni 1933 lamulo lotchedwa Glass-Steagall linalekanitsa mabanki osunga ndalama za anthu ndi nyumba zochita malonda a masheya. Lamulo lomwelo linakhazikitsa bungwe la Federal Deposit Insurance Corporation, limene kuyambira pa 1 Januwale 1934 linalonjeza kubwezera wosungitsa aliyense kufikira madola 2,500 ngati banki yake yagwa. Taonani mphamvu ya lonjezo limeneli: munthu akadziwa kuti adzalandira zake ngakhale akhale wotsiriza pamzere, alibenso chifukwa chothamangira, ndipo anthu akapanda kuthamanga, banki yabwino siigwa. Mu 1933 mabanki pafupifupi 4,000 anatsekedwa. Mu 1934 mwa mabanki otetezedwa anagwa 9 okha. Malire a chitetezocho lero ndi madola 250,000. Komabe ulova sunathe msanga. Unatha ndithu m'zaka za Nkhondo Yaikulu yachiwiri.

KODI NTHENDAYI INATHA?

Iyayi, sinathe, pakuti anthu amaiwala. Gawo la lamulo lolekanitsa mabanki linachotsedwa mu 1999. M'zaka zotsatira mabanki a ku America anakongoza ndalama zogulira nyumba ngakhale kwa anthu osatha kubweza, podalira kuti mtengo wa nyumba sudzatsika. Unatsika. Mu Seputembala 2007 anthu a ku Britain anaima m'mizere pakhomo pa banki ya Northern Rock, ndipo pa 15 Seputembala 2008 nyumba yaikulu ya zachuma ya Lehman Brothers inagwa mu New York. Nthawi imeneyi mtsogoleri wa Federal Reserve anali Bernanke yemwe uja, amene anaphunzira zolakwa za 1930–1933, ndipo mabanki aakulu a maiko anakongoza mosaumira. Anthu mamiliyoni anataya ntchito ndi nyumba, koma ulova ku America unalekezera pa 10 mwa 100 aliyense, osati 25 monga mu 1933. Ngakhale kufupi ndi kwathu, anthu a ku Zambia anaona kugwa kwa banki ya Meridien BIAO mu 1995. Ndipo masiku ano mzere suonekanso ndi maso: pa 9 Malichi 2023 osungitsa a Silicon Valley Bank ku California anafuna kutapa madola 42 biliyoni tsiku limodzi, ambiri kudzera pa mafoni ndi makompyuta, ndipo m'mawa mwake bankiyo inatsekedwa.

Tsono anzanga, tiphunzirepo chiyani? Sindikunena kuti tibwerere ku chitini chokwiriridwa pansi, kumene chiswe, moto ndi mbala zimadikira. Banki ndi chinthu chabwino, ndipo dziko lopanda mabanki silingatukuke. Koma iyenera kuyang'aniridwa, ndipo ndiyo ntchito ya Bank of Zambia imene inayamba mu 1964 ndi Reserve Bank of Malawi imene inayamba mu 1965. Ena a ife tidzakhala akalaliki, aphunzitsi kapena amalonda. Ena tidzasunga mabuku a banki mkhonde ya amayi athu. Ndipo mwina wina mwa owerenga nkhani ino adzakhala pa mpando woyang'anira chuma cha dziko. Kulikonse kumene tidzakhale, malamulo ake ndi omwewo. Tisakongole kuti tigule chinthu chifukwa chokha chakuti mtengo wake ukukwera. Tisakongoze chuma cha ena kwa munthu amene sitinamfunse kuti adzabweza ndi chiyani. Tisafalitse mphekesera imene sitinaitsimikize, pakuti taona kuti lilime lingathe kugwetsa nyumba ya miyala. Ndipo tikamva za tsoka la malonda m'dziko lakutali, tikumbukire amuna aja amene anachotsedwa ku Mufulira mu 1931 chifukwa cha msika umene sanauonepo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Wophunzira wa Fomu 4